Masiku anayi ndilibe foni

Foni yanga inapita Lachisanu madzulo pa depoti, nthawi ija imene Lilongwe yense amakhala akulimbirana khomo la minibasi imodzi. Unali mwezi wakutha, anthu atalandira, kunja kukuyamba kuda ndipo mvula ikuopseza. Ya ku Area 25 itangoima tinaiunjirira ngati nyerere pa fupa. Ndikukumbuka kuti wina anandigunda paphewa n'kunena kuti, "Pepani bwana," mwaulemu wake ndithu, ine n'kumuyankha kuti palibe kanthu. Titafika pa Area 18 m'pamene ndinapisa m'thumba kuti ndiwauze mayi a kunyumba kuti ndili m'njira. Ndinatulutsa chipeso ndi lisiti.

Bambo amene ndinakhala nawo mpando umodzi anandibwereka yawo kuti ndiiyimbire. Inaitana kawiri, kachitatu inali yozima. Mayi wina kumbuyo anangoti, "Iii, imeneyo ndiye yapita, pepani," ndipo minibasi yonse inayamba kusimba za mafoni awo amene anabedwa, aliyense ndi tsiku lake, ngati anthu ofotokozerana matenda pa mzere wa kuchipatala. Kenako bambo aja anati, "Imbirani kunyumba muwadziwitse, asayankhe meseji iliyonse yochokera pa nambala yanu." Nzeru yabwino. Ndinagwira foni yawo, chala chili m'mwamba, ndipo ndinakhala choncho mpaka manyazi anandigwira. Mkazi amene ndakhala naye zaka 16, amene ndimamuimbira kasanu patsiku, nambala yake sindiidziwa. Ndimangodziwa kuti imayamba ndi 099.

Nambala yokhayo imene inabwera m'mutu yathunthu inali ya telefoni ya pa ofesi imene malemu bambo anga ankagwira ntchito ku Old Town m'zaka za m'ma 1990. Manambala asanu ndi limodzi, a telefoni imene inasiya kulira kalekale. Ndinawabwezera bambo aja foni yawo n'kunama kuti akunyumba sakuyankha.

Nkhani ya mafoni ikayamba, kaya kutchalitchi kaya pa wailesi, imathera pa ana. Ana a masiku ano sapereka moni, ana a masiku ano amadya nsima dzanja lina lili pa TikTok. N'zoona, ndili nawo awiri kunyumba, ndimaziona. Koma pa masiku anayi amene ndinakhala wopanda foni, amene anasowa pogwira si anawo. Ndi ine, bambo wa zaka 46, amene ndimadzitama kuti ife tinakula tikulemberana makalata.

Usiku womwewo tinayesa kutseketsa nambala pogwiritsa ntchito foni ya mayi. Tinamvera nyimbo yodikirira mpaka tulo, ndipo nambalayo inatsekedwa Loweruka chakumasana. Wakubayo anali atagwira kale ntchito yake. Foni yanga inalibe loko weniweni, inali ya kajambula ka chilembo cha L kamene mwana aliyense angakalote, ndiye anangolowa ngati m'nyumba yosatseka n'kuyamba kulembera abale anga mmodzimmodzi.

Atsibweni anga ku Mitundu maso anawavuta, mameseji amawawerengera ndi mdzukulu. Mwanayo anawerenga kuti: "Ankolo, ndagundidwa ndi njinga yamoto, ndili kuchipatala. Tumizani K50,000 pa nambala iyi, yangayi ili ndi vuto." Atsibweni akuti anakhala chete, kenako anati, "Tabwereza poyamba paja." Mwana anati, "Ankolo." Iwo anati, "Ameneyo si mwana wa mlongo wanga. Chibadwire chake sananditchulepo ankolo." Ndipo anabwerera kukapalira. M'fonimo ndinawasunga ndi dzina loti Uncle Mitundu, wakubayo anangotsatira zimene anaona. Mlongo wanga wamng'ono, amene ali ndi digiri ndipo amatiseka tonse kuti ndife achikale, anatumiza K25,000, n'kuwonjezera ndi yotapira yomwe kuti odwala asavutike.

Sindimamuseka kwambiri, chifukwa ndikadakhala ine ndikadatumizanso. Nambala ya foni yasanduka nkhope ya munthu. Ukaiona umakhulupirira ngati waona mwini wake ataima pakhomo. Atsibweni anapulumuka chifukwa iwo amandidziwa ndi pakamwa panga, osati ndi nambala.

Loweruka usiku mita ya magetsi inayamba kulira kaphokoso kake kaja. Masiku ena onse ndimachita zimenezi ndili chogona: kudina timanambala, kulemba nambala ya mita, kudikira meseji, kutuma mwana akalowetse manambala 20 aja, basi nkhani yatha. Koma Lachisanu masana, malipiro atangolowa, ndinali nditasamutsa ndalama zambiri kuchoka kubanki kupita m'foni: ya lendi, ya mayunitsi, ya madzi, ndi ya amayi kumudzi yoti alipire aganyu opalira. Zonsezo zinali mu nambala imene ndinaitseketsa ndekha. Ndalama zanga, koma sindikanatha kuzigwira, ndipo sindinkadziwa ngati zinalimobe. Akuluakulu ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wa m'foni sindikudziwa kuti akadamutcha wa ndani. Magetsi anazima cha m'ma 9 koloko, nyumba za anzathu zikuwala, ndipo mwana wamng'ono anafunsa ngati tasauka.

Lamulungu sindinapite kutchalitchi. Ndinatenga khadi ya kubanki, imene ndinachita kuifufuza m'thumba la jekete, n'kuyamba ulendo. Makina otapira ndalama oyamba anali ndi mzere wa mwezi wakutha, ndipo nditatsala anthu atatu mlonda analengeza kuti netiweki yachoka. Achiwiri munalibe ndalama. Achitatu anandipatsa. Ndalama zili m'manja, ndinapita kwa ejenti woyamba pa Nsungwi, mnyamata wokhala pansi pa ambulera, ndipo asanandiyang'ane n'komwe anati, "Floti yatha, bambo." Wachiwiri anali nayo floti koma meseji sinkabwera. Anayesa katatu, akukweza foni m'mwamba ngati akuipatsa mpweya. "Ikuvuta lero, dikirani pang'ono." Ndinadikira, ndinadya chimanga chootcha, ndinadikiranso. Zimene ndimachita mphindi ziwiri zinanditengera kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa litapendeka, ndi ndalama ya kabaza pamwamba.

Musandimve molakwa, sindikulira zakale. Zakalezo ndikuzikumbuka bwino, ndipo sizinali zokoma monga amazikometsera anthu pa mowa. Ndikukumbuka bambo anga akukulunga ndalama m'kalata, kuimata ndi phala, n'kukaipereka kwa kondakitala wa basi ya ku Mitundu kuti akaisiye pa golosale ina, kenako sabata yonse mtima uli m'mwamba kuti yafika kapena yadyedwa panjira. Ndikukumbuka nyumba yonse ikuti zii nthawi ya mauthenga achisoni pa MBC, amayi atagwira chipande m'manja, kumvetsera ngati atchule mudzi wathu. Munthu ankatha kumva za maliro a mbale wake patatha mwezi. TNM itayamba mu 1995, foni ya m'manja inali ya mabwana, yoikoleka pa lamba kuti anthu aione. Celtel inabwera mu 1999, n'kusanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Pakati pamenepo tinadutsa mu nthawi ya matelefoni biro, mayi atakhala pa katebulo m'mbali mwa msewu ndi wotchi m'manja akuwerengera mphindi, ndi nthawi ya kuflasha, pamene kuitana kamodzi kunkatanthauza kuti ndafika bwino, kawiri n'kuti ndiimbire, ine ndilibe mayunitsi. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo kuyambira pamenepo kondakitala wa ku Mitundu sanayendenso ndi kalata ya munthu.

Ndani angafune kubwerera kumeneko? Mayi a kunyumba amagulitsa zitenje ndi nsapato popanda shopu. Shopu yawo ndi sitetasi ya WhatsApp, ndipo ndi imene yalipira fizi ya mwana wamkulu kwa zaka ziwiri. Nthawi imene mafuta a galimoto ankasowa, anthu mu mzinda muno ankadziwa kumene thanki yatsitsa kudzera m'magulu a pa foni, apo ayi ukanazungulira kuchokera ku Kanengo mpaka ku Biwi n'kuthera panjira timafuta timene unali nato. Zimenezi ndi zabwino, ndipo amene amazinyoza nthawi zambiri ndi amene ali ndi wowachitira.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi china. Amene anagulako kaunjika ku Tsoka akudziwa timilatho tamitengo tija toolokera mtsinje wa Lilongwe, tolipira pooloka. Timafupikitsa ulendo, n'chifukwa chake anthu amatikonda. Mvula ikagwa yambiri madzi amatikokolola, koma palibe amene amagona tsidya lina chifukwa cha zimenezo. Umangozungulira, kukadutsa pa mlatho waukulu, kutuluka thukuta pang'ono, n'kufika. Ife ndi mafoniwa tachita zosiyana. Titapeza kanjira kachidule, njira yozungulira ija tinaisiya kuti imere udzu, ina tinaigwetsa dala. Kabuku ka manambala tinataya. Ndalama ya pansi pa matiresi tinasiya kusunga. Mwana womutuma uthenga panjinga kulibenso. M'maofesi ambiri kauntala ya munthu wokhala ndi buku ndi cholembera inachotsedwa. Ndiye kamlatho kakakokoloka timangoima m'mbali mwa madzi, tonse, kuyang'anana.

Ndipo kamakokoloka ndithu, pa zifukwa zimene munthu wa ku Area 25 sangazione ali pakhomo pake. Foni imafuna moto, ndipo moto wambiri wa dziko lino umachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka tsiku limodzi, ndipo kukonza kwake kunapitirira chaka. Tonse tikukumbuka mmene tinkayendera ndi chaja m'chikwama, kulowa m'nyumba ya munthu maso ali pa soketi moni tisanapereke. Nsanja za netiweki nazo magetsi akazima zimadalira mabatire ndi majenereta, majeneretawo amamwa dizilo, dizilo amafuna ndalama zakunja zimene dziko lino limasowa. Ukamatsatira chingwecho umapeza kuti meseji yako ya "ndanyamuka" yamangiriridwa ku mvula ya ku Chikwawa ndi ku mitengo ya fodya ku okushoni ya ku Kanengo.

Kumapeto ena a chingwecho kuli pansi pa nyanja ya mchere imene ambirife sitinaionepo. Malawi alibe gombe, intaneti yathu imadzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kuti ikalumikizane ndi zingwe za pansi pa nyanja. Lamulungu pa 12 May 2024 zingwe ziwiri, EASSy ndi Seacom, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo kuno, pamodzi ndi maiko angapo a kum'mawa kwa Africa, intaneti inayamba kukwawa ngati kamba kwa masiku. Ndikukumbuka mayi a kunyumba akuzimitsa ndi kuyatsa foni, akukalipira mwana kuti wamaliza bandulo. Pa 4 October 2021 vuto linali la kampani ya ku America. WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinazima pafupifupi maola asanu ndi limodzi, kuno ali madzulo, ndipo anthu anagula mabandulo awiriawiri poganiza kuti yakale yatha.

Boma nalo lili pa kamlatho komweko. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo mu February pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa kompyuta alowa mu sisitimu ndipo akufuna dipo. Makina analipo, ogwira ntchito ankabwera m'mawa uliwonse. Koma munthu amene anapeza ntchito kunja, kapena wodwala woyenera kuuluka, sakanachitira mwina koma kudikira.

Ena amati zimenezi ndi nkhawa za anthu a m'tauni, poti Amalawi ambiri ali kumudzi, alibe magetsi, ndipo intaneti sanaigwirepo. Ndikamva zimenezi ndimaganiza za amayi anga. Ali ndi kafoni ka mabatani komangidwa ndi mphira, kamene amakatchajitsa pa sola ya pa golosale. Facebook saidziwa. Koma chiphaso chawo cha unzika, chimene anajambulitsa pa kalembera wa 2017, ndi chimene chinalembetsa simu khadi yawo pamene lamulo lolembetsa manambala linayamba kutsatidwa mu 2018. Chiphaso chomwecho ndi chimene ankachiwerenga ndi makina pogula feteleza wotsika mtengo wa AIP, ndipo alimi ambiri m'dziko muno anatandala pa madepoti, ena kugona pomwepo, matumba a feteleza akuwaona ndi maso, kudikira kuti netiweki ibwere. Mvula siidikira netiweki. Munthu amene sanasankhe n'komwe kulowa m'dziko la makompyuta ndi amene amalipira kwambiri likagwedezeka, chifukwa iye alibe foni yachiwiri, alibe khadi ya kubanki m'thumba la jekete.

Sabata imeneyo aganyu awo anadikira mpaka Lachitatu. Amayi anawapatsa nkhuku imodzi kuti mitima ikhale pansi. Koma pa nkhani ya manambala anandiposa. Kuchikuto cha kumbuyo kwa buku lawo la nyimbo analemba ndi bolopeni manambala a ana awo onse, azipongozi awo, abusa ndi ejenti wa pa msika, ena ofufutidwa n'kulembedwanso. Atamva za meseji ya ankolo ija anatsegula bukulo, n'kuimbira mpongozi wawo mwachindunji. "Mwananga, bambo a anawo ali moyo?" Atamva mawu anga anangoti, "Chabwino. Ugule kabuku."

Lolemba ndinapempha kuchoka kuntchito, kumene ndinapeza kuti msonkhano wa m'mawa anausintha nthawi Lamulungu usiku pa gulu la WhatsApp, ndipo bwana anandiyang'ana ngati ndachita dala. Ndinatenga lipoti la kupolisi ndi chiphaso, n'kupita ku ofesi ya kampani ya mafoni kukabwezeretsa nambala. Anatipatsa timapepala ta manambala a pamzere. Ine ndinali 74. Atafika pa 31 zinthu zinaima. Atsikana a pa kauntala anapinda manja, mmodzi anatulutsa galasi n'kumakonza nsidze. Patapita ola ndinapita kukafunsa.

"Sisitimu yagwa, bambo."

"Ibwera nthawi yanji?"

"Sitingadziwe, imangobwera yokha."

"Nanga palibe fomu yoti ndilembe, ndisiye, kuti ikabwera mungolowetsa?"

Anandiyang'ana mwachifundo, ngati mmene umamuyang'anira gogo wofunsa za basi imene inasiya kuyenda. "Fomuyo ili mu sisitimu momwemo, bambo."

Sindinamukwiyire. Mwanayo sanagwetse kanthu, ndipo ngakhale akadafuna kundithandiza analibe chogwirira. Kale kalaliki ankatha kukuvutitsa, koma ankathanso kukumvera chisoni, kutsegula kabati, kusaina. Unkatha kumudandaulira, kumutchulira kwanu, mwina n'kupezeka kuti ndinu a mfumu imodzi. Sisitimu ilibe kwawo. Pa benchi tinakhala anthu osiyanasiyana: mayi wogulitsa tomato ku Wakawaka amene ndalama zonse za oda zinali mu simu yothyoka, mnyamata wa kabaza amene makasitomala ake amamupeza pa foni basi, ndi bambo wina wa tayi amene ankangoti, "Dziko ili, dziko ili." Pafupi nane mnyamata wina ankaseweretsa kandege pa foni ya mnzake, maso ali tong'o, ndalama ikukwera n'kugwa. Netiweki ya kubetcha inali bwinobwino tsiku limenelo.

Nambala inabwerera Lachiwiri cha m'ma 11. Ndinaika simu mu foni yakale ya mayi, yosweka galasi pakona. Choyamba ndinayang'ana ndalama. Zinalimo zonse, ndipo ndinapuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Wakubayo anayesa PIN n'kulephera, mwina anayesa chaka changa chobadwa chimene chili pa Facebook, osadziwa kuti ndinaika cha mwana. Ndinatumiza ya lendi, ya amayi, n'kubwezera mlongo wanga theka la ndalama yake, theka linalo ndinati ndi fizi ya sukulu imene waphunzira. Kenako ndinatsegula WhatsApp, foni n'kuyamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo.

Pakati pa mavidiyo oseketsa, mavesi a m'mawa ndi zotsatsa malonda panali gulu la anzanga amene tinakulira limodzi ku Kawale. Munali mameseji oposa 300. Ndinayamba kuwerenga kuchokera pansi, ndiye ndinayamba kuona zithunzi za nkhata ndi anthu ovala zakuda ndisanadziwe kuti wamwalira ndani. Ndinakwera m'mwamba, chala chikuterereka, mpaka ndinafika pa meseji ya Lachisanu usiku.

Anali bambo a nyumba yoyandikana ndi yathu ku Kawale. Bambo anga atamwalira ndili Fomu 2, bambo amenewa ndi amene ankabwera madzulo kudzaona ngati tadya. Anali telala, makina awo anali pakhonde, ndipo yunifolomu yanga yonse ya kusekondale inatuluka pa makina amenewo popanda kulipira ngakhale tambala. Tsiku la chinkhoswe changa anakhala kumbali ya kwathu ngati bambo. Anamwalira Lachisanu cha m'ma 8 usiku, pamene ine ndinali kumvera nyimbo yodikirira. Anaikidwa Lolemba masana, nthawi imene ndinali pa benchi ndi kapepala ka 74 m'manja, mtunda wosakwana ola limodzi pa minibasi.

M'gulumo munali mndandanda wa chipepeso, uja amaukopera n'kumawonjezera dzina ndi ndalama. Dzina langa analilemba, kutsogolo kwake kuli mpata. Wina anafunsa kuti, "Kodi achimwene a ku 25 amva?" Wina anayankha, "Amva, meseji yanga ya Lachisanu awerenga, yachita buluu." Inachitadi buluu. Anaiwerenga ndi munthu wa "pepani bwana" uja, akufufuza woti amupemphe ndalama.

Palibe amene ndingamuimbe mlandu. Anzangawo anachita zimene tonse timachita masiku ano, kuponya uthenga pa gulu n'kuona kuti wafika. Ena anayesa kuimba Loweruka, napeza nambala yotseka, naganiza kuti ndili kutali kapena ndili ndi zifukwa zanga. Nambala ya mayi a kunyumba analibe, chifukwa ankaifuniranji pamene yanga ilipo? Kwathu maliro akachitika mfumu imayamba yauzidwa, kenako anyamata amatumidwa, uyu kwa akuchimuna, uyu kwa akuchikazi, ndipo wotumidwa sabwerera asanaonane ndi mwini uthenga maso ndi maso. Akapeza pakhomo palibe munthu amafunsa kwa oyandikana nawo, amatsatira kumunda. Uthenga unkayenda pang'onopang'ono, koma unali ndi miyendo, ndipo unkadziwa kusiyanitsa mwini nyumba ndi wakuba.

Ndinapita ku Kawale Lachitatu nditaweruka. Tenti inali itachotsedwa, pabwalo patatsala phulusa la pamene ankaotha moto ndi mipando ingapo ya kutchalitchi yosabwezedwa. Makina osokera anali pakhonde pomwe paja, ataphimbidwa ndi chitenje. Amayi, akazi a malemu, anali m'nyumba pa mphasa ndi achemwali awo. Ndinagwada pakhomo, ndinapepesa, ndinayamba kufotokoza za depoti, za wakuba, za buluu. Anandidula ndisanafike pakati.

"Wabwera, mwananga. Khala pansi."

Anandiuza mmene matenda anayendera, mmene anthu anabwerera ambiri mpaka msewu kutsekeka. Anati mwana wawo wachiwiri, amene ali ku Johannesburg ndipo mapepala ake sali bwino moti sakanatha kubwera, anaonera mwambo wonse pa foni. Mdzukulu anaimika foni kuyambira kunyumba, kutchalitchi, mpaka kumanda, ndipo iye ali m'kachipinda kake kumeneko ankaimba nawo nyimbo. Bokosi ndi iye anagula, ndalama inafika Loweruka m'mawa, tsiku lisanathe n'komwe chimwalirireni bambo ake. "Zinthu zimenezi n'zodabwitsa," anatero amayi. "Analira nafe ngati ali pompano." Ine ndinangoti inde, amayi. Wa ku Joni anaika nawo maliro, wa ku Area 25 ayi.

Ndinatulutsa envelopu ya chipepeso n'kuiika pa mphasa. Anaombera m'manja, achemwali awo anailandira. Kenako anatuma mdzukulu kuti akatenge chinthu kuchipinda. Anabwera ndi foni ya malemu, itel yakuda, mabatani ake ofufutika ndi zala za telala.

"Iwe umadziwa za zimenezi. Bambo ako ankasunga ndalama umu. Za madiresi a ukwati wa mwezi wamawa anthu analipira kale theka, zili umu. Za malata a kukhitchini zili umu. Ankati m'nyumba ndalama imatha ndi ndiwo."

Ndinafunsa ngati alipo amene akudziwa nambala yachinsinsi.

"Apita nayo. Ndinkati ndikawafunsa, amvekere, ufuna undibere?" Anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Anyamata anayesa kawiri, ejenti anati asayesenso, itsekeka. Akuti pakufunika kalata ya imfa, ndi ina ya kwa DC, ndi chiphaso chawo, ndi changa. Ine maofesi amenewo ndiyambira pati?"

Ndinawauza kuti ndipempha tsiku kuntchito sabata yamawa, tidzayenda limodzi. Ndinatenga lisiti ija inatsala m'thumba, n'kulemba kuseri kwake nambala yanga ndi ya mayi a kunyumba, imene ndinachita kuiyang'ana m'foni. Anaipinda n'kuimanga pa mfundo ya chitenje.

Tili chikhalire foni ya malemu inalira. Tonse tinaiyang'ana. Amayi anati amaitchaja tsiku lililonse, chifukwa makasitomala ena sanamve. Anaitenga, anadina batani lobiriwira, n'kuiika kukhutu. Ndinamva mawu a mayi wina kumbali inayo, achangu, akufunsa ngati siketi ya mwana yatha poti sukulu akufuna yunifolomu Lolemba.

"Pepani mayi," anatero amayi, "atelala kulibe."